Masitepe Makumi Awiri ndi Atatu

Tsiku lachisanu ndi chinayi uvuni uli zii,
amphaka a pa fakitale anayamba kugona m'kati mwake.
Ife pa geti, ku Southerton,
zikwangwani zamakatoni zitafewa ndi mame,
nyimbo zitatithera, kwatsala kutsokomola.

Malipiro a miyezi itatu.
Tinkaitchula ngati ana osowa:
Meyi, Juni, Julayi.

Anatulukira wapansi kuchokera kokwerera minibasi,
Mayi Muchenje, nsapato zafulati,
ambulera yothyoka nthiti imodzi.
Ine mumtima: ameneyu?
Tinkadikira munthu wa mawu abingu
wodzatiuza kuti olakwa si ife.

Sanatiuze.
Anatikhazika m'kantini, mabwana mu ofesi yam'mwamba,
iye n'kusandutsa makwerero apakati kukhala kwawo.
Ndinawerenga: masitepe makumi awiri ndi atatu kukwera,
omwewo kutsika,
mpaka thukuta kulemba mapu pamsana pa bulauzi.

Tikamupatsira mwala kuti akagende,
unkafika uko utasanduka funso.
Tinati: kamuuzeni Gumbochuma kuti ndi mbava.
Iye anakati: anthu akufunsa
komwe inapita ndalama ya buledi wa Juni.
Mabuku anatsika.
Ngongole ya tirigu, ngongole ya dizilo wa jenereta,
manambala ofiira ngati maso athu.
Nyamadzawo wa komiti anatsata mizere ndi chala,
akutukwana chapansipansi,
poti zina mwa izo zinali zoona.

Bambo anga anafika kuno wapansi kuchokera ku Dedza
mzinda uno ukadali Sozibele.
Anagona ku Mufakose, mtchona.
Ankakonda kunena kuti mlandu suwola.
Sanaphikepo buledi iwo:
ufa wokanda sudikira mlandu, umasasa.

Tsiku lachitatu masana mayiyo anaika cholembera pansi.
"Za ndalama ndamva.
Koma mwezi woyamba munapirira, wachiwiri munapirira.
Chinakutulutsani panja n'chiyani?"

Chete.
Ntchentche pa shuga.

Kenako Nasibeko wa ku makina odulira,
amene sayankhula ngakhale pamaliro:
"Buledi wophwanyika.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikutengera ana.
Tsiku lija mlonda anandipisa m'chikwama pa geti,
n'kumuponya m'mgolo wa nkhumba
ine ndikuona."

Mayi Muchenje sanalembe.
Anakwera pang'onopang'ono
ngati watunga madzi m'manja.
Potsika, Gumbochuma anali pambuyo pake,
tayi atamasula, asakudziwa poika manja.
Sanapepese.
Anati, "Sindinadziwe kuti lamulo lija lafika pamenepo."
Mwina bodza.
Koma analinena ataima m'kantini mwathu,
momwe anali asanapondemo chilembedwere ntchito,
ndipo Nasibeko anamuyang'ana mpaka iye kuzyolika.

Chikalata chinati: theka lero, theka pofika Okutobala,
minibasi ya ogwira usiku,
wochotsedwa ntchito palibe.
Pa mzere wachisanu ndi chiwiri,
m'Chingerezi chouma cha maloya,
buledi wophwanyika.

Palibe anaomba m'manja.
Nyamadzawo anati tagulitsidwa motchipa.
Mkazi wanga anati theka sililipira lendi yathunthu.
M'mwambamo akuti bwana analira kuti wafinyidwa.
Onsewo sakunama.

Mayi uja anapinda ambulera yake,
anafunsa ngati za ku Kuwadzana zikadalipo nthawi ino.
Palibe anamuperekeza.
Sindikudziwa ngati anamwa ndi madzi omwe kwathu kuno.

Usiku ndinapirikitsa amphaka,
ndinasesa ubweya, ndinayatsa moto.
Uvuni wozizira umafuna maola anayi.
Ukaufulumizitsa umang'amba njerwa.
Ndinakhala pa thumba la ufa kudikira,
ndikumva chitsulo chikuthetheka, chikudziwongola,
ndipo kusanache fungo linadumpha mpanda
kupita kukadzutsa a ku Mbare.